Kutentha thupi tikabwerera ku Joni: chimfine kapena malungo?

Aphiri (Tembisa): Moni nonse abale, chaka chabwino. Ndili ndi funso kwa odziwa zaumoyo pagulu pano. Timauzana kuti ku Joni kulibe malungo. Nanga zatheka bwanji kuti mnyamata wotsuka mathiraki kuntchito kwathu wagonekedwa ndi malungo, pomwe iye ndi wa konkuno, sanawolokepo ngakhale Limpopo? A chipatala anachedwa kuwapeza chifukwa panalibe amene ankawaganizira.

Blessings (Diepsloot): Madala, udzudzu ulipo wambiri kuno, ife sitigona nawo. Ndiye malungowo angalephere bwanji?

Limbani (Braamfontein): Zikomo a Phiri. Aise Blessings, udzudzu uli mitundumitundu. Umene ukukusowetsa tulo ku Diepsloot kawirikawiri ndi wa mtundu wa Culex, woswana m'ngalande ndi m'madzi oipa. Umaluma, umasokosa, koma sufalitsa malungo. Wa malungo ndi Anopheles, ndipo woluma ndi waukazi wokha chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Kwathu oopsa ndi Anopheles funestus, gambiae ndi arabiensis.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo chisanu chake mukuchidziwa. Kachirombo ka malungo kamafuna masiku 10 kapena kuposerapo mkati mwa udzudzu, kunja kukutentha, kuti kakhwime n'kufika m'malovu ake. Kukazizira sikamaliza ulendowo. Ndiye mu South Africa malungo amakhazikika kumunsi kotentha: Vhembe ndi Mopani ku Limpopo, chigwa cha Mpumalanga mbali ya Kruger ndi malire a Mozambique, ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Nyengo yake ndi Seputembala mpaka Meyi.

Za mnyamata wanuyo, udzudzu umakwera nawo galimoto. Umabisala pansi pa mpando, m'katundu, m'kabini ya thiraki kapena m'takisi, n'kudzatsika ku Gauteng uli ndi njala. A NICD, bungwe la boma loona za matenda opatsirana ku Sandringham, amalandira nkhani zotere pafupifupi chaka chilichonse. Odwala otere si ambiri, koma amafa mosavuta chifukwa dokotala akafunsa kuti munapita kuti, yankho limakhala lakuti sindinapite kulikonse.

Aphiri (Tembisa): Ndiye kuti tikuwabweretsera ndife. Thiraki yanga imagona pa Tete ndi pa Zobue podikira mapepala, mawindo ali otsegula chifukwa kutentha kwa kumeneko simungatseke. Kabini imakhala mdima kuseri kwa bedi, mmene ndimaikamo zovala. Ndiyamba kupopera ndisananyamuke, komanso ndikafika pa Beitbridge. Ndiwauzanso anzanga a mabasi.

Madala Gondwe (Rosettenville): Ana anga, ine ndinakulira ku Karonga m'minda ya mpunga. Malungo tadwala kuyambira tili makanda. Magazi athu anazolowera. Ine ndikapita kwathu sindimwa kanthu, neti imanditsamwitsa. Zoopa malungozi ndi za azungu ndi ana obadwira kuno.

Anachisale (namwino, Randburg): Bambo Gondwe, ndi ulemu wonse, apa ndiye ndikutsutsani, chifukwa maganizo amenewa atitengera anthu ambiri kumanda. Zoona, munthu wokulira kumudzi amakhala ndi chitetezo china. Amadwala koma malungo sakula msanga. Koma chitetezocho si cha mpaka kalekale. Chimakhalapo chifukwa udzudzu ukumuluma mwezi ndi mwezi, thupi likukumbutsidwa. Mukachoka n'kukhala kuno kopanda malungo chimayamba kutha, ndipo pakapita zaka zochepa thupi lanu silisiyana kwenikweni ndi la mlendo. Kuwonjezera apo msinkhu wapita, ena tili ndi shuga, BP, ena tili pa ma ARV. Malungo akapeza thupi lotere sachita chibwana.

Amene timawaona Januwale aliyense si azungu opita ku Kruger ayi. Azunguwo amamwa mankhwala awo. Ndi ife amene tinapita kukadya Khirisimasi kwathu, a ku Mozambique ndi a ku Zimbabwe. Timapita nthawi ya dzinja, mvula ili pakati, zithaphwi paliponse, timacheza pabwalo mpaka usiku, timagona pa mphasa opanda neti chifukwa alendo achuluka m'nyumba.

Madala Gondwe (Rosettenville): Nanga bwanji ndikakhala kwathuko sindidwala? Ndimabwera bwinobwino.

Limbani (Braamfontein): Agogo, n'chifukwa chakuti malungo sayamba tsiku lolumidwa. Udzudzu ukaluma umasiya tizirombo kudzera m'malovu, ndipo timathamangira ku chiwindi. Kumeneko timaswana mwakachetechete pafupifupi sabata, munthu osamva kalikonse, ngati anankafumbwe m'nkhokwe, kunja chimanga chikuoneka chabwino. Kenako timatuluka tambirimbiri kulowa m'maselo ofiira a magazi. Mmenemo timadya, timaswana, selo n'kuphulika, timalowa m'maselo ena. Kwa Plasmodium falciparum, yemwe ndi mwini malungo a kwathu, zimenezi zimabwerezeka pa maola 48 alionse. Kuphulikako ndi kumene kumabweretsa kuzizidwa, kunjenjemera, kutentha ndi thukuta.

Zizindikiro zimayamba pakadutsa masiku 7 kapena kuposa, nthawi zambiri 10 mpaka 14, mwina mpaka mwezi. Ndiye munthu wolumidwa usiku wotsanzikana ku Karonga amadzadwala ali pantchito ku Sandton. Ngati inu mwapulumuka maulendo apitawa tithokoze Mulungu, koma si umboni wakuti simungadwale.

Esinta (Cosmo City): Pepani ndalowerera. Ndawerenga izi mtima wanga wagunda. Achimwene anga anabwera kuchokera ku Nkhotakota kumayambiriro kwa mwezi uno. Kuyambira Lachisanu mutu, kuphwanya m'thupi, usiku kunjenjemera mpaka bedi kugwedera. Anapita ku kiliniki anawapatsa za chimfine. Akumwa Med-Lemon ndi Grand-Pa, thupi limazizira pang'ono kenako limabwereranso. Lero asanza kawiri, nsima akana. Ndimati tidikire Lolemba.

Anachisale (namwino, Randburg): Esinta mng'ono wanga, musadikire Lolemba. Musadikire ngakhale mawa. Ku kiliniki anawauza kuti achokera ku Malawi?

Esinta (Cosmo City): Ayi achemwali. Masiku a pa pasipoti yawo ndi ovuta, ndiye anaopa kutchula za ulendo. Nawonso anesi sanafunse.

Anachisale (namwino, Randburg): Ndi pomwe pagona vuto. Kuno dokotala akaona munthu wotentha thupi amayamba kuganiza chimfine, chifukwa ambiri mwa odwala ake ndi otero. Simungamudikire kuti alote. Pitani nawo ku chipatala chachikulu, ku casualty, usiku uno. Mukafika pa tebulo loyamba nenani mawu awa musanafunsidwe: wachokera ku Malawi mwezi uno, akutentha thupi, tikupempha kuyezetsa malungo. Akakuuzani kuti ndi chimfine bwerezani mwaulemu kuti mukupempha kuyezetsa magazi.

Grand-Pa ndi Med-Lemon asiye. Muli asipirini, ndipo kwa munthu amene mwina ali ndi malungo, asipirini ndi mankhwala a gulu la ibuprofen angathe kuvutitsa impso ndi kuwonjezera kutaya magazi. Panado yekha ndiye wololedwa, ndipo nayenso amangoziziritsa thupi, sapha kachirombo.

Ndiuzeni: akuyankhula zomveka? Maso achita chikasu? Akukodza bwino, ndipo mkodzo ndi wamtundu wanji? Akutha kukhala tsonga okha?

Esinta (Cosmo City): Akuyankhula koma mochedwa, ngati munthu wa tulo. Maso ndawaunika ndi tochi ya foni, koyera kuja kwachita chikasu pang'ono. Mkodzo akuti ndi wakuda ndipo ndi wochepa.

Anachisale (namwino, Randburg): Zimenezo ndi zizindikiro za malungo aakulu. Nyamukani pompano. Ndani ali ndi galimoto pafupi ndi Cosmo?

Che Saidi (Mayfair): Ine ndili ku Honeydew, ndimasiya katundu. Abiti, nditumizireni pomwe muli kumbali, ndikufika. Tengani bulangete, botolo la madzi ndi khadi la ku kiliniki kuja.

Blessings (Diepsloot): Koma za mapepalazo zili serious abale. Masiku ano pa mageti a makiliniki ena pamaima anthu ofunsa ma ID. Munthu umaganiza kawiri.

Abusa Mbewe (Yeoville): Mantha amenewo ndi enieni, sindikuwachepetsa, tawaperekeza anthu athu n'kubwezedwa pa geti. Koma tidziwenso pomwe lamulo laima. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Silinena kuti nzika yokha. Ndipo mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe achokera. Oima pa geti aja si a chipatala. Wodwala asapite yekha, tizipita awiri atatu, mmodzi wodziwa kuyankhula Chizulu kapena Chingerezi bwino. Bilu ikabwera tidzakhala pansi monga timachitira pa maliro. Kusonkha za chipatala n'kopepuka kusiyana ndi kusonkha zonyamula thupi mpaka ku Nkhotakota, tonse tikudziwa mtengo wake.

Mayi a Tadala (Alexandra): Mulungu atsogole Esinta. Ine funso langa: ambirife timabwera ndi LA kuchokera kumudzi, ali m'chikwama. Bwanji osangomupatsa ameneyo?

Anachisale (namwino, Randburg): Amayi, kwa munthu amene akusanza, maso achikasu, mutu ukuyenda pang'onopang'ono, mapiritsi sakwanira. Amafunika artesunate wa mumtsempha: poyamba, pakatha maola 12, pakatha maola 24, kenako kamodzi patsiku mpaka atayamba kumwa yekha, ndiye n'kumaliza ndi LA yense. Amafunikanso kumuyeza shuga, impso ndi kuchuluka kwa magazi. Zimenezo sizichitikira m'chipinda cha lendi.

LA ndi wa malungo amene sanakule, ndipo munthu ayambe wayezetsa. Kuno amamutcha Coartem, mankhwala ake ndi omwewo, artemether ndi lumefantrine. Wamkulu amamwa mapiritsi 4 nthawi imodzi, maulendo 6 m'masiku 3, onse pamodzi 24. Ulendo wachiwiri ndi pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo. Amwere mkaka kapena chakudya cha mafuta, kaya phala lotsira nsinjiro, kaya buledi wa chiponde, chifukwa lumefantrine salowa bwino m'mimba yopanda mafuta. Akasanza pasanathe mphindi 30 abwereze.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Munthu amamwa tsiku limodzi, thupi lazizira, otsalawo wasunga kuti adzathandize wina. Ndinaonapo pakiti imodzi itagawidwa anthu atatu m'nyumba imodzi, itakhalitsa m'sutikesi pamwamba pa wadiropu pansi pa malata otentha, deti litadutsa kale. Palibe amene anachira bwino. Artemether amapha tizirombo tambiri msanga n'kutuluka m'thupi, lumefantrine ndi amene amatsala kusesa totsalira. Mukadukiza mwasiya tolimba kuti tibwerere.

Madala Gondwe (Rosettenville): Nthawi yathu kunali chloroquine. Kuwawa kwake, ndiye kuyabwa thupi lonse usiku osagona, m'manja ndi m'mapazi momwe. Koma ankachiza. Anapita kuti?

Limbani (Braamfontein): Agogo mwakumbutsa nkhani imene Malawi ili ndi mbiri. Tizirombo tinamuzolowera chloroquine mpaka ana ankafa akumwa. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, ndiye mu 2007 tinayamba LA. Chodabwitsa n'chakuti ofufuza ku Blantyre atamuyesanso chloroquine patapita zaka zoposa 10 asakugwiritsidwa ntchito, anapeza kuti wayambanso kugwira, ndipo anafalitsa zimenezi mu 2006. Tizirombo tolimba tija tinachepa tokha mankhwala atachoka. Sanamubwezere chifukwa maiko oyandikana nafe anali adakali ndi tolimbato, ndipo udzudzu sudziwa malire.

Pano nkhawa ili pa artemisinin, gwero la artemether ndi artesunate. Anachokera ku chomera cha ku China, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyo. Ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania kwapezeka kale tizirombo tochedwa kufa ndi mankhwalawa. Tanzania ndi khomo loyandikana ndi kwanu ku Karonga. Tikamamwa mwatheka tikuthandiza mdaniyo kuphunzira, ndipo mankhwala ena oti alowe m'malo mawa sali pafupi.

Mayi a Tadala (Alexandra): Nanga tiyi wa artemisia amene akugulitsa pa WhatsApp? Ena amati nimu.

Limbani (Braamfontein): Bungwe la WHO limaletsa kuchiza malungo ndi tiyi ameneyo. Mphamvu ya m'masamba imasiyana chomera ndi chomera, ndipo imakhala yochepa moti imangogwedeza kachirombo osakapha. Ndi njira ina yomweyo yophunzitsira mdani. Nimu sindinganyoze agogo athu amene analibe china, koma munthu amene ali ndi falciparum m'magazi akataya masiku awiri akumwa nimu ndi kufukiza bulugamu, masiku amenewo ndi amene amasiyanitsa wopita kunyumba ndi wopita ku ICU.

Blessings (Diepsloot): Chimene sindimvetsa, malungo amafika bwanji ku ubongo? Mwana wa alongo anga ku Chikwawa anakomoka, atadzuka samayankhulanso bwino mpaka lero.

Limbani (Braamfontein): Pepa aise. Falciparum ali ndi khalidwe loipa limene anzake alibe kwenikweni. Selo lofiira limene walowamo amalichititsa kunanda, ndiye limakakamira m'makoma a timitsempha ting'onoting'ono m'malo moyenda ndi magazi. Akutero pothawa kapamba, amene ntchito yake ndi kusefa maselo owonongeka. Maselowo akadzaza m'timitsempha ta impso, impso zimaima. Akadzaza mu ubongo munthu amabwebweta, amakomoka, amagona osadzuka.

Zambiri zimene dziko limadziwa pa malungo a mu ubongo kwa ana zinaphunziridwa kwathu, ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyeso woonera kukomoka kwa mwana, umene mpaka pano umatchedwa Blantyre Coma Score. Mu 2015 gulu la Taylor, pogwiritsa ntchito makina a MRI, linaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira amakhala atatupa ubongo mpaka kupanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Mwa opulumuka, ena amatsala ndi khunyu, vuto la kuyankhula kapena la kuphunzira. Mphwakoyo asasiyidwe choncho, alongo ako apite naye ku chipatala cha boma akafunse za mafizo ndi za khunyu, ana ena amasintha ndithu akathandizidwa.

Mayi a Tadala (Alexandra): Apa ndiye mwandiopsa. Ine ndimafuna Pasaka ndipite ndi Tadala ku Machinga, agogo ake sanamuonepo. Ali ndi chaka ndi miyezi 4, anabadwira konkuno. Komanso ndine woyembekezera. Ndamva kwathu kuli katemera wa malungo, ndingakamubayitse ndikafika?

Anachisale (namwino, Randburg): Amayi a Tadala, ndiyankhula ngati mchemwali wanu. Pasaka ndi nthawi imene malungo amakhala pachimake kwathu, mvula ikungotha kumene. Inu muli m'magulu awiri amene malungo amawakonda kwambiri: mwana wosafika zaka 5 wopanda chitetezo chilichonse, ndi mayi wapakati amene wakhalitsa kunja. Kwa wapakati tizirombo timakakamira mu nsengwa. Zotsatira zake ndi kuchepa magazi, kupita padera, mwana kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi. Nthawi zina poyeza chala sitipezeka n'komwe pomwe mu nsengwa tadzaza. Kwathu amayi amalandira Fansidar ku sikelo pa chifukwa chimenechi, koma ameneyo anakonzera okhala komweko, si chishango cha mlendo wochokera ku Joni.

Kukanakhala kwa ine, ndikanadikira mpaka mutachira, n'kupita Julayi kapena Ogasiti kukazizira, ngakhale kuti ku Machinga malungo satheratu chaka chonse. Kapena agogo akwere basi abwere. Ngati ulendo sungalephereke, muonane ndi dokotala kukadali milungu ingapo.

Limbani (Braamfontein): Pa katemera: ndi zoona, ndipo Malawi ndi imene inayamba pa dziko lonse, pa 23 Epulo 2019, kenako Ghana ndi Kenya. Dzina lake RTS,S. Anayambira m'maboma 11 ndipo Machinga ili momwemo, pamodzi ndi Mangochi, Balaka, Chikwawa, Nsanje, Phalombe, Karonga, Nkhata Bay, Ntchisi, Mchinji ndi Lilongwe. WHO inamuvomereza mu 2021, ndipo wachiwiri, R21, mu 2023. M'madera oyesera, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse, chimene si chinthu chaching'ono.

Koma amabayidwa maulendo 4, kwathu pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Jakisoni mmodzi wa pa tchuthi sateteza mwana. Ngakhale womaliza onse amafunikabe neti, chifukwa katemerayu amachepetsa, satsekeratu. Kuno sali pa khadi la ana la sikelo. Amene tili ndi ana otsala ndi agogo kumudzi, pamene tikutumiza ndalama tizifunsanso ngati wa miyezi 22 uja anabayitsa, ndi amene amaiwalika.

Mayi a Tadala (Alexandra): Ndamva. Ndikambirana ndi bambo ake, mwina titumize ya basi kwa amayi. Koma apongozi akamva adzati ndikuwamana mdzukulu.

Abusa Mbewe (Yeoville): Bambo a Tadala ndi amene akawauze amayi awo, osati inu. Ndiyankhula nawo Lamulungu tikaweruka.

Aphiri (Tembisa): Nanga ife akuluakulu, mankhwala omwa usanapite aja ndi ati? Ena amati amangobisa malungo, amadzatulukira mochedwa ali oopsa.

Anachisale (namwino, Randburg): Zobisazo si zoona a Phiri. Womwa mankhwala otetezera akadwalabe, kawirikawiri amadwala pang'ono kusiyana ndi wosamwa. Odziwika kuno ndi awiri. Doxycycline ndi wotsika mtengo: mumayamba tsiku limodzi kapena awiri musanalowe dera la malungo, tsiku lililonse muli komweko, ndi milungu 4 mutabwerako. Milungu 4 imeneyo ndi imene anthu amaidumpha, pomwe ndiyo imagwira tizirombo totuluka m'chiwindi. Mumwere madzi ambiri mutadya, osagona pompo, ndipo saloledwa kwa wapakati ndi ana osafika zaka 8. Wina ndi atovaquone-proguanil, wokwera mtengo koma mumangopitiriza masiku 7 mutabwerako. Uzani wa ku famase kapena dokotala mankhwala ena onse amene mumamwa, makamaka a TB, a khunyu ndi ma ARV, chifukwa ena sagwirizana.

Kwa inu oyenda mwezi ndi mwezi nkhani yake ndi ina, mukambirane ndi dokotala. Koma neti ya m'kabini, mafuta odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET m'mapazi ndi m'mikono dzuwa likangolowa, ndi malaya a manja aatali pa border, zimenezo musazisiye. Anopheles amaluma kuyambira madzulo mpaka mbandakucha, ndipo amakonda kumapazi.

Madala Gondwe (Rosettenville): Maneti amene amagawa aja anthu kwathu amati amabweretsa nsikidzi. Ena amati amafoola abambo. Ndiye amakathera ku dimba kutchinga nkhuku, kapena kunyanja.

Aphiri (Tembisa): Kunyanjako ndinaona ndi maso anga ku Malembo, maneti obiriwira atasokedwa pamodzi, anyamata akukokera kasawala ndi tiusipa tosakhwima m'mphepete. Sindingawaweruze msanga, munthu ndiwo alibe. Koma usiku womwewo ana awo akugona pa mtetete, ndipo chambo cha mawa chathera mu neti ya udzudzu.

Limbani (Braamfontein): Nsikidzi sizibadwa mu neti agogo, zimakhala kale m'ming'alu ya khoma ndi m'mphasa. Zofoolazo palibe umboni wake. Vuto lenileni la maneti ndi lina: Anopheles funestus wa kwathu, makamaka ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, anazolowera mankhwala a pyrethroid amene ankanyikidwa m'maneti akale. N'chifukwa chake atsopano amawonjezera PBO, wothandiza pyrethroid kugwiranso ntchito, kapena mankhwala achiwiri. Ngakhale mankhwala atafooka, neti yosang'ambika, yopisiridwa bwino pansi pa mphasa, imatchingabe.

Dziko lino linalawapo zimenezi. Mu 1996 anasiya kupopera DDT m'nyumba n'kuyamba pyrethroid. Funestus wosamva mankhwalawo anabwerera ku KwaZulu-Natal, ndipo mu 2000 odwala m'dziko lonse lino anapitirira 60,000. Anabwezeretsa DDT, mu 2001 n'kuyamba Coartem, chiwerengero chinagwa. Pa dziko lonse WHO inati mu 2023 odwala anali pafupifupi 263 miliyoni, omwalira 597,000, ochuluka zedi mu Africa ndipo ambiri mwa iwo ana aang'ono.

Che Saidi (Mayfair): Abale, tafika ndipo alandiridwa. Pa tebulo abiti ananena monga munawauzira a Sister, nesi anabaya chala pomwepo. Mizere iwiri yosonyeza malungo inatuluka asanamalize n'kulemba dzina. Atenganso magazi a m'botolo, awaika dripu, jakisoni woyamba wabayidwa. Adokotala akuti impso zavutika ndipo agona konkuno. Za mapepala palibe amene watchinga, angolemba adiresi ndi kufunsa boma limene anapita ku Malawi.

Anachisale (namwino, Randburg): Zikomo kwambiri Che Saidi, Mulungu akudalitseni. Kufunsa za ulendoko musadabwe nako, malungo kuno ndi matenda amene chipatala chimayenera kudziwitsa a zaumoyo, cholinga n'kudziwa komwe achokera.

Esinta, mvetserani izi musunge. Akatuluka amalize LA yense ngakhale akumva bwino. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri abwerere akayezetse kuchuluka kwa magazi, chifukwa ena amene alandira artesunate magazi amadzatsika mochedwa. Mukaona kufooka, m'manja moyera kapena mkodzo wadanso, musadikire tsiku la pa khadi. Ndipo musadzadabwe kachipangizo ka pa chala kakadzaonetsabe mizere iwiri patapita milungu, kamagwira zotsalira za kachirombo ngakhale katafa. Chotsimikiza ndi kuona magazi pa maikulosikopu.

Kwa ena nonse amene mwabwera mwezi uno: kuyeza kamodzi n'kusapezeka sikutanthauza kuti mulibe. Thupi likapitiriza kutentha bwererani mawa lake akayezenso.

Esinta (Cosmo City): Zikomo nonse, ndilibe mawu. Achimwene akuti pa basi anakwera ndi mnzawo wa kumudzi komweko, amagona nyumba imodzi ku Nkhotakota, pano ali ku Zandspruit. Dzulo anawaimbira kuti naye mutu ukumuvuta ndipo sanapite kuntchito. Foni yake ndayesa sikuyankhidwa.

Blessings (Diepsloot): Zandspruit ndi pafupi ndi ine. Nditumizireni dzina ndi mbali imene amakhala kumbali, ndikwera takisi yoyamba ndikamuone.

Che Saidi (Mayfair): Usadikire takisi ya m'mawa Blessings. Ndikutuluka pa chipatala pano, ndikutenga pa msewu waukulu, tipitire limodzi usiku womwe uno. Vala jekete, kunja kwayamba mvula.